Nenani Zimene Mukuchita, Akamwini

Pali anthu amene amalephera intavyu chifukwa ntchitoyo saidziwa. Nkhani ya amenewo ndi yaifupi. Ine ndikufuna ndikuuzeni za munthu amene ankalephera intavyu atakonza kale chimene amupatsa kuti akonze.

Masana ena kukutentha, munthuyo anali atakhala pa benchi ya pa siteji ya basi, atavala jekete yobwereka imene manja ake ankaphimba zala. Anzake ankamutchula kuti Duu, chifukwa ankatha kukhala nawo tsiku lonse ali duu, osatulutsa liwu. Basi ya kwawo inabwera, inadzaza, inapita. Inabweranso ina. Iye sanadzuke. Kunyumba ankamudikira ndi funso limodzi, ndipo yankho lake linali lomwe lija la nthawi zonse.

M'mawa wa tsikulo anamulowetsa m'chipinda chozizira cha kampani ina. Munali makompyuta awiri, swichi yolumikiza makompyutawo, ndi rauta, kabokosi kaja kamene kamatulutsa ofesi kupita pa intaneti. Anamuuza kuti makompyutawo sakuyankhulana, apeze vuto. Duu anakhala pansi, anagwira apa, anataipa apo, ndipo anthu atatu omufunsawo tiyi wawo asanazizire n'komwe, makompyuta anayamba kuyankhulana.

"Mwachita chiyani?" anafunsa mmodzi.

"Ndakonza," anatero Duu.

"Eya, taona. Koma vuto linali chiyani?"

"Sizimagwira."

"Ndiye panopa?"

"Zikugwira."

Atatu aja anayang'anana. Wina analemba kanthu papepala, kanthu kakafupi kwambiri. Anamuthokoza chifukwa chobwera, n'kumuuza kuti amuimbira foni. Mawu amenewo Duu anali atawamva m'maofesi okwanira moti tanthauzo lake ankalidziwa.

Musaganize kuti anali wamwano. Duu anakula wamasiye m'nyumba ya amalume ake, momwe ana a eni nyumba ankayankhula, iye n'kumamvera. Anazindikira msanga kuti mwana wobwera akakhala chete sakalipiridwa. Sukulu anaisiyira panjira. Anayamba ndi kunyamulira makwerero amisiri oika mawaya a intaneti m'maofesi, kenako kukwawa yekha m'masiling'i, kenako kumanga mitu ya makebulo. Bwana wake, mwini wa kakampani kakang'ono, ataona kuti mutu ali nawo, anamuphunzitsa kuseta marauta. Duu anawerenga payekha mpaka anakhoza mayeso a satifiketi ya za netiweki. Mayesowo anali a pa kompyuta, ndipo kompyuta siuza munthu kuti "tafotokozani".

Kakampaniko katatsekedwa, bwana uja anamupatsa rauta yakale ndi swichi imodzi, akuti azimukumbukira. Ndiye chuma chimene Duu analowa nacho m'chipinda chakumbuyo cha nyumba ya apongozi ake, pamodzi ndi mkazi wake, mwana wawo wamkazi, ndi matiresi.

Nyumbayo inali ya apongozi aamuna, koma mawu a m'nyumbamo anali a alamu, mchimwene wamkulu wa mkazi wake. Alamuwa anali kalaliki pa kampani yosunga katundu, ndipo khadi la kuntchito ankalivala pakhosi ngakhale popita kukagula buledi. M'moyo mwawo monse intavyu anachitapo imodzi, kalekale, koma ankaisimba ngati nkhondo imene anapambana okha popanda asilikali. Jekete ija inali yawo.

Duu atafika madzulo, alamu anamuyang'ana nkhope n'kudziwiratu.

"Alamu, dzanja munawagwira mwamphamvu monga ndinakuuzirani?"

"Ndinawagwira."

"M'maso munawayang'ana?"

"Ndinawayang'ana."

"Nanga mawu aja oti ndinu munthu wamasomphenya?"

Duu anayang'ana pansi.

"Ndi pamenepo basi," anatero alamu, akukonza khadi lawo. "Komabe musadandaule, ine ndayankhula ndi akuluakulu. Ku depoti yathu ya kumalire akufuna mlonda. Pogona alipo, kachipinda ka bedi limodzi, kungoti banja saloleza. Ntchito yake ndi kukhala chete mpaka kuche. Inu alamu, ntchito imeneyo munabadwira."

Mkazi wa Duu, amene anali telala, anaika pansi diresi imene ankapinda. "Achimwene, pali intavyu ina mwezi wamawa. Ku kampani ija ya masitolo ogulitsa mankhwala. Awaitana kale."

"Chemwali, satifiketi sadya. Malowo andisungira mpaka kutha kwa mwezi wamawa. Akalephera imeneyo, akwere basi."

Duu anavomera. Akanatani? Ndipo tinene zoona, alamu sankalakwa kwenikweni. M'nyumbamo amene ankagula chakudya anali iwo, ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Choncho nkhani inali poyera: intavyu imodzi. Akailephera, asiya mkazi, asiya mwana, asiya ntchito ya manja ake, n'kukakhala pageti kutali ndi tochi.

M'mawa mwake, onse atapita kuntchito ndipo mwana atamuperekeza kusukulu ya mkaka, Duu anayala rauta, swichi ndi laputopu patebulo lodyera kuti ayambenso kuyeserera. Anaganiza kuti vuto lake ndi liwiro. Mwina akadzakonza msanga kuposa pamenepo, adzamulemba.

Pabalaza pomwepo, pafupi ndi zenera, pankakhala apongozi. Anali dalaivala wa malole opita kutali, mpaka matenda a shuga anawalanda maso. Tsiku lonse ankakhala pampando wawo ndi kawailesi pamiyendo. Chibwerereni m'nyumbamo, Duu ankangowapatsa moni wa m'mawa ndi wa madzulo, ndipo iye ankaona kuti umenewo ndiwo ulemu.

"Ndani akukanda patebulopo?" anafunsa apongozi.

"Ndine, bambo."

"Inu akamwini? Mwalowa nthawi yanji?"

"Kuyambira m'mawa."

"Kuyambira m'mawa." Apongozi anazimitsa wailesi. "Ine ndimati ndi khoswe, ndimafuna ndiuze ana agule mankhwala. Tamverani kuno. Munthu wosaona mukamukhalira chete, ndiye kuti mwatuluka. Ndakhala ndekha muno chichokereni anzanu, chonsecho m'nyumba muli munthu. Ngati tebulo langa mukulifuna, muzinena zimene mukuchita."

Duu anasiya zimene ankagwira. "Ndikukonza netiweki, bambo."

"Netiwekiyo ine sindikuiona. Manja anu agwira chiyani panopa?"

"Kebulo."

"Ikuchokera kuti, ikupita kuti?"

"Ikuchokera... pa laputopu. Ikupita pa swichi."

"Bwanji osapita pa chinacho?"

Tsiku limenelo Duu anatuluka thukuta kuposa mmene ankatulukira m'siling'i mwezi wotentha. Mawu ankatuluka limodzilimodzi ngati madontho a pampopi yotseka. Akangokhala chete pang'ono, apongozi ankagogoda dzanja la mpando ndi chala, ndipo ankayambiranso.

Apongozi anali ndi mawu awiri amene sankawalola m'nyumba mwawo.

"Tsopano ndikuyang'ana timagetsi ta pa swichi," anatero Duu tsiku lina.

"Tili bwanji?"

"Tili bwino."

"Bwino ndi mtundu wanji? Ine mitundu ndimaikumbukira yonse, koma umenewo sindinauonepo."

"Tobiriwira, bambo. Tikuphethira."

"Ndiye muzitero. Kuphethirako kukutanthauza chiyani?"

"Kuti waya walumikizika ndipo mukudutsa uthenga."

"Mwaona, ndaona," anatero apongozi.

Tsiku lina Duu ananena kuti, "Tsopano ndikupinga rauta."

"Mukuipinga? Yakulakwirani chiyani?"

Duu anatsala pang'ono kuseka, chinthu chimene anali asanachitepo pamaso pa apongozi. Anafotokoza kuti ndi mawu a kuntchito chabe. Laputopu imatumiza kauthenga kakang'ono kwa rauta n'kudikira yankho, kuti idziwe ngati mnzakeyo alipo.

"Kumeneko ndi kuodira," anatero apongozi. "Bwanji osangonena kuti mukuodira? Anthu ophunzira mumakonda kuvutitsa mawu. Nanga ikapanda kuyankha?"

"Ndiye kuti mwina yazima, mwina njira yaduka, kapena ine ndikuodira nyumba yolakwika."

"Kapena ilipo, koma yangokhala duu ngati anthu ena."

Duu anaganiza kaye. "Zimachitikadi, bambo. Ena amaiseta dala kuti isamayankhe."

"Ndikudziwa. Ndili nayo m'nyumba muno."

Patapita masiku, apongozi anatopa ndi kumvera zinthu zimene Duu wawononga yekha n'kukonzanso yekha. Anati zimenezo n'chimodzimodzi kudzibisira ndalama m'thumba n'kumasangalala kuti watola. Anayamba kumutulutsa panja, iwo n'kupapasa patebulo ndi zala zawo zikuluzikulu zaudalaivala, kuzula kebulo iyi, kuibaya pena, kuzimitsa chakuti. Madzulo mkazi wa Duu nayenso ankathandiza. Duu anamuonetsa pamene pamalembedwa adiresi ya kompyuta, ndipo iye ankasintha nambala imodzi mwakabisira, n'kubwerera ku makina ake osokera nkhope ili gwa ngati sanachite kanthu.

Ndiye linafika tsiku limene anakangana.

Duu analowa kuchokera panja, anangoponya diso patebulo, anaona vuto, analikonza. Manja anathamanga, pakamwa panatsalira.

"Zatheka, bambo."

"Bwezerani mmene zinalili. Ine sindinamve kanthu."

"Koma bambo, zagwira."

"Zagwira chifukwa chiyani?"

"Zagwira basi." Mawu a Duu anakwera pang'ono, moti iye mwini anadabwa. "Ntchito ndi yoti zinthu zigwire. Ine ntchito ndimaidziwa. Kulikonse kumene ndapita ndakonza, koma amatenga anthu olongolola."

Apongozi anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawu. "Lero ndiye mwayankhula. Tsono ndiuzeni, ine ndidziwa bwanji kuti mwakonza mwanzeru, osati mwangochita mwayi? Mawa zikadzafanso, ndidalire chiyani?"

Apongozi anapitiriza.

"Anthu anu a intavyuwo, maso ali nawo?"

"Ali nawo."

"Amaona za m'mutu mwanu?"

"Ayi."

"Ndiye ndi anzanga," anatero apongozi, n'kuyatsa wailesi.

Duu anabwerera patebulo. Kenako anazula kebulo ija, anaibwezera polakwika pamene apongozi anaiika, n'kuyamba ndi mawu akuti, "Choyamba ndikuona ngati magetsi alipo." Wailesi inazimanso.

Owerenga anga, apa ndi pamene panali phindu lenileni, ndipo silinali la pakamwa pokha. Atayamba kunena zimene akuchita, Duu anazindikira kuti zina ankazichita osadziwa chifukwa chake. Manja ankadziwa, mutu unkangotsatira. Pofotokozera munthu amene salola kudumpha, anakakamizika kuika zinthu mundondomeko, kuyambira pansi kukwera m'mwamba: magetsi, waya, adiresi ya kompyuta, kuodira rauta, kuodira kunja, kenako mayina a mawebusaiti. Pamene wakakamira pofotokoza, ankadziwa kuti pamenepo mpamene sakudziwa bwino, ndipo madzulo ankawerenga za pomwepo. Anaphunziranso kunena kuti, "Apa sindikudziwa, bambo, koma ndiyamba ndayang'ana chakuti." Apongozi mawu amenewo ankawalandira bwino kwambiri. Ankati pamsewu dalaivala woopsa si wosochera, koma wosochera amene akuthamangabe.

Loweruka lina alamu anaganiza zoti nawonso aikepo dzanja. Anakankhira mawaya kumbali, anakhala kuseri kwa tebulo khadi lili pachifuwa, n'kuuza Duu kuti atuluke, agogode, alowenso.

"Mwalowa ngati mwabwera kudzapempha mchere. Tulukaninso."

Duu anatuluka, analowanso.

"Eya. Tsopano, mumadziona muli pati zaka zikubwerazi?"

"Iwe, m'funse za mawaya," anatero apongozi ali pampando wawo.

"Bambo, izi ndi zapamwamba, simungazitsate."

"Zoona, mwana wanga. Ine ndinangoyendetsa malole mpaka iwe kumaliza sukulu."

Intavyu ya alamu inathera pamenepo, koma Duu anatolapo kanthu. Analekadi kulowa ngati wodzapempha mchere.

Tsiku lenileni litafika, mkazi wake anali atapinda manja a jekete ija mkati n'kuwagwira ndi ulusi wosavuta kusomola, kuti mwini wake asadzadandaule. Pakhomo anamukonza kolala nthawi yaitali kuposa mmene kolala imafunira.

"Bambo a mwana, mukakayankhule," anatero.

M'chipinda cha intavyu munali anthu awiri: mayi wina wa magalasi, mkulu wa za netiweki pakampanipo, ndi bambo wa tayi yaitali wa ku ofesi yolemba anthu ntchito, amene ankayang'ana wotchi yake ngati ndi iye anapanga nthawi. Duu anayang'ana patebulo. Panalibe rauta, panalibe kebulo, panalibe chilichonse choti munthu n'kugwira. Manja ake anasowa kolowera.

Atamufunsa mafunso angapo a m'buku, mayi uja anatembenuza mpando wake, anayang'ana kukhoma, n'kuika foni kukhutu.

"Tiyerekeze kuti ine ndine wogulitsa ku sitolo yathu ya kutali, ulendo wa tsiku lathunthu," anatero. "Za makompyuta sindidziwa, ndimangodina pamene anandiuza. Makina onse aima, odwala ali pamzere kudikira mankhwala. Halo? Tandithandizeni."

Chete uja wakale, wa kunyumba ya amalume, anabwera n'kumukhala pachifuwa. Mwezi wonse Duu anakonzekera kuyankhula ndi anthu osaona. Sanaganizepo kuti wosaonayo adzakhala iyeyo. Bambo wa tayi anatola cholembera.

"Halo?" anateronso mayi uja. "Mulipo, kapena foni yaduka?"

Koma mafunso a munthu wosaona Duu ankawadziwa. Anali atamukwapula tsiku ndi tsiku.

"Ndilipo, mayi," anatero. Mawu anatuluka okanda, koma anatuluka. "Ine kuno sindikuona chilichonse, ndiye maso anga ndinu. Yaima ndi kompyuta yanu yokha, kapena makina onse?"

"Onse."

"Ndiye kompyuta yanu tiisiye, sinalakwe. Muyang'ane kabokosi kokhala ndi timagetsi, kolowa mawaya ambiri. Kawirikawiri kamakhala pamwamba pa kabati kapena kuseri kwa kauntala."

"Ndakaona. Kali bwinobwino."

"Bwinobwinoyo ndi wamtundu wanji, mayi? Timagetsito ndi tobiriwira, tofiira, kapena tazima?"

Mapewa a mayi uja anagwedezeka pang'ono. "Tobiriwira tonse. Tikuphethira."

"Zikomo. Ndiye kuti magetsi alipo ndipo mawaya alumikizika, kumeneko sitibwererako. Tsopano tiodire rauta."

"Titani?" anafunsa bambo wa tayi.

Duu anafulumira kudzikonza. "Pepani. Tiipinge. Kunyumba timati kuodira, chifukwa umaitana n'kudikira kuti akuyankhe."

"Ayi, odirani," anatero mayi uja, nkhope ikadali kukhoma.

Duu anamuuza pamene adine ndi zimene alembe, chilembo chimodzichimodzi, ndipo chilichonse ankanena chifukwa chake. Rauta inayankha. Anaodira kunja pogwiritsa ntchito nambala, kunayankha. Anaodira pogwiritsa ntchito dzina la webusaiti, kunali zii.

"Ndiye kuti msewu wonse uli bwino, mayi. Chavuta ndi seva imene imasandutsa mayina kukhala manambala. Tiodire imeneyo."

"Ndaiodira. Yayankha."

Duu anaima. Apa sanayembekezere.

"Apa sindikudziwa chifukwa chake," anatero. "Ndikuganiza ziwiri. Mwina sevayo ili moyo koma pulogalamu yake ya mayina yagona. Kapena panjira pali chotchinga chimene chikulola kuodira koma chikukaniza mafunso a mayina. Ndiyamba ndi choyambacho, chifukwa n'chosavuta kuona ndili kuno. Koma poti odwala ali pamzere, ndikupatsani kaye nambala ya seva ina yoti tiyese, kuti anthu alandire mankhwala ine ndikufufuza."

"Nthawi yatha," anatero bambo wa tayi, amene zikuoneka kuti chiyambire m'mawa ankadikira mpata wonena mawu amenewo.

Anamuthokoza chifukwa chobwera. Anati amuimbira foni.

Duu anatuluka. M'moyo wake wonse aka kanali koyamba kuchoka pa intavyu chinthu asanakonze.

Kunyumba anakhala pafupi ndi mpando wa apongozi n'kusimba zonse, kuyambira pa tayi mpaka pa seva, osadikira kufunsidwa.

"Ndiye simunakonze," anatero apongozi.

"Sindinakonze."

"Koma anakumvani?"

"Anandimva."

"Tidikire."

Sabata inatha foni ili chete. Alamu anabwera ndi majombo aulonda n'kuwaika pakhomo pa chipinda chakumbuyo, akuti Duu aziwayeserera kuti asadzamulume ku depoti. Mkazi wa Duu anayamba kupinda malaya a mwamuna wake n'kumaika m'chikwama, ndipo m'mawa Duu ankawapeza abwerera m'kabati. Palibe anafunsa mnzake. Mwana anafunsa ngati kumalireko n'kotheka kupita wapansi.

Foni inalira m'mawa wina Duu akukulunga makebulo kuti awasunge.

"Ikani poti nane ndimve," anatero apongozi.

Anali mayi wa magalasi uja. "Vuto lija silinali loti lithe," anatero. "Aliyense akayandikira ndimalisuntha. Masitolo athu ali kutali, ndipo ambiri muziwakonza pa foni, ndi munthu wamantha mbali inayo. Ndimafuna munthu amene wamanthayo angamumve. Mungayambe Lolemba?"

"Ndingayambe," anatero Duu.

"Thokozani, inu," ananong'ona apongozi, kunong'ona kwa munthu amene anazolowera kuyankhula injini ikulira.

"Zikomo kwambiri, mayi. Zikomo."

"Amenewo ndani?"

"Apongozi anga. Ndi amene anandikonzekeretsa."

"Nawonso ndi a za netiweki?"

"Auzeni kuti ndinapuma," anatero apongozi.

Duu anathamanga mpaka ku shopu kumene mkazi wake ankasoka. Anaima pakhomo akupuma mwawefuwefu, ndipo pamaso pa makasitomala ndi atelala onse ananena chiganizo chathunthu: "Mayi a mwana, sindikupitanso kumalire, ndikuyamba Lolemba." Mkazi wake anachotsa phazi pa makina, anaphimba nkhope ndi nsalu ya kasitomala, ndipo kasitomalayo sanadandaule.

Madzulo alamu anamva nkhaniyo modekha, ngati munthu amene ankadziwa kale.

"Ndi kagwiridwe ka dzanja kaja," anatero. "Anthu amakapeputsa."

Mpaka lero amauza aliyense kuti mlamu wawo anamuphunzitsa ndi iwo, ndipo Duu satsutsa. Tsiku lomwelo anawathokoza kuchokera pansi pa mtima, chifukwa cha jekete, chifukwa cha chakudya cha miyezi yonse ija, ngakhalenso chifukwa cha ntchito yaulonda, poti anadziwa kuti sikunali kunyoza koma mantha a munthu amene sankafuna kuona mlongo wake akuvutika. Alamu anatsokomola, anagwira khadi lawo, n'kunena kuti majombo abwezedwe asanade.

Onse atabalalika, Duu anagwada pafupi ndi mpando wa pazenera.

"Bambo, ndinakula ndikudziwa kuti kukhala chete ndiwo ulemu. Inu ndinu munthu woyamba kundiuza kuti mukufuna kumva mawu anga. Banja langa mwalisunga ndinu."

"Dzukani, muthyola maondo, Lolemba muli ndi ntchito," anatero apongozi. "Ine ndimangofuna wocheza naye. Tsopano chotsani mawaya anuwa, anthu tizidyerapo patebulo."

Duu anayamba kulongedza. Anatenga swichi, anatenga makebulo. Atafika pa rauta, anapeza dzanja la apongozi lili pamwamba pake.

"Iyi isiyeni, ndipo musaizimitse," anatero. "Imafunda. Nanga kuyambira Lolemba ndizikhala ndi ndani?"

Apa mpamene Duu anazindikira kuti mwezi wonse uja, madalawa ankamukonzekeretsa ntchito imene idzawasiye okha pabalaza, ndipo ankadziwa zimenezo kuyambira tsiku loyamba. Atalandira malipiro okwanira kupeza nyumba yawoyawo, iye ndi mkazi wake anasankha ya mumsewu womwewo. Ndipo nthawi ya nkhomaliro, anzake a kuntchito akamapita kukadya, iye amaimbira foni apongozi n'kuwasimbira za sitolo imene yavuta m'mawawo. Akuti apongozi amamutsutsa kawirikawiri.

Inu amene mukukonzekera intavyu ya za netiweki, mabuku werengani, marauta setani, zimenezo palibe angakuchitireni. Koma mukatero, pezani munthu amene sadziwa kanthu za ntchito yanu ndipo sachita manyazi kufunsa. Mukhazikeni pansi, mumufotokozere mpaka anene kuti waona. Pamene mwakakamira, bwererani ku buku. Pamene simukudziwa, nenani, kenako nenani pamene muyambire kufufuza. Ndipo mukadzapambana, kumbukirani amene anakhala pansi kukumverani, chifukwa mwina zinamudyera zambiri kuposa mmene mukuganizira.

Akukanani kangati, zilibe kanthu. Mtima musautaye, ndipo pakamwa musatseke.